Bondo la Wilfred ndi Jezi ya pa Msomali

Panali munthu wina ku Mangalande amene ankadyera miyendo yake. Dzina lake anali Wilfred. Anabadwira m'tauni ina ya kumpoto kwa dzikolo, tauni ya migodi ya malasha, kumene amuna ankalowa pansi m'mamawa n'kutulukako madzulo ali bii. Bambo ake anali a mumgodi, agogo ake chimodzimodzi. Iyeyo mgodi unamuphonya chifukwa cha mpira.

Sanali katswiri wodabwitsa ayi. Kudyetsa anthu njomba sankatha, ndipo liwiro lake silinkaopsa munthu. Koma anali wotchinga kumbuyo wouma mutu. Pamene anzake ankaopa kuikapo phazi, iye ankaikapo chipumi. Timu ya m'tauni yakwawo inamutenga ali mnyamata, ndipo pasanapite nthawi anamupatsa ukaputeni.

Timu imeneyi inali ndi mwambo wake. M'chipinda chovalira munali misomali yokhomedwa kukhoma, wosewera aliyense ndi msomali wake. Tsiku la masewero, mphunzitsi wamkulu, amene kumeneko amamutcha manijala, ankalowamo yekha m'mawa n'kupachika majezi ndi manja ake. Sankaitana msonkhano wouza anthu amene asewere. Wosewera akafika ankangoyang'ana kukhoma. Akapeza jezi pa msomali wake, ndiye kuti alowa m'bwalo. Akapeza msomali uli wokha, ndiye kuti tsiku limenelo aonerera. Panalibe amene ankatsutsana ndi msomali.

Chaka china timuyo inafika m'ndime yomaliza ya chikho, chinthu chimene tauniyo inali isanachionepo chiyambire. Kutatsala masiku ochepa, Wilfred anavulala bondo lakumanja pokonzekera. Linatupa ngati papaya. Dokotala wa timu ananena kuti likufunika kupuma. Manijala wa nthawi imeneyo, bambo wachikulire wosakonda kuyankhula, anabwera, analiyang'ana bondolo, n'kutuluka. Tsiku la masewero Wilfred anapeza jezi yake ili pa msomali, dokotala ataima pafupi ndi jakisoni wopha ululu.

Tinene zoona, palibe amene anamukakamiza. Iye mwini anakondwa mpaka misozi. Anakweza mwendo pa benchi, anabayidwa, n'kulowa m'bwalo.

M'chigawo chachiwiri anamva china chake chikuthyoka m'kati mwa bondo, ngati phesi louma. Sanatuluke. Anasewera akukoka mwendo, ndipo masewero atatsala pang'ono kutha anabweza ndi mutu mpira umene unali utamudutsa kale goloboyi. Anapambana. Wilfred ananyamula chikho anzake atamugwirira mbali zonse. Pofika tsiku lotsatira ochemerera anali atapeka nyimbo yoti Wilfred wa mwendo umodzi aposa a miyendo iwiri. Inaimbidwa m'bwalo, inaimbidwa m'mabala, ana anaidziwa asanadziwe kuwerenga.

Bondolo silinachirenso. Madokotala analing'amba, analisoka, analing'ambanso. Wilfred anasiya mpira ali pa msinkhu umene anzake anali atangoyamba kukoma. Kuyambira pamenepo anali ndi kayendedwe kakekake: phazi lina kugunda, lina kukhwekhwereza. Gu, khwee. Gu, khwee. Mkazi wake Maureen ankamudziwa akadali kumsewu.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Hazel. Itakwana nthawi yoti Hazel aphunzire kupalasa njinga, panafunika munthu wogwira chishalo n'kumathamanga pambuyo pake. Amene anathamanga anali bambo wa nyumba yoyandikana nayo. Wilfred anaima pachipata akunamizira kukonza loko wosawonongeka, akumva mwana wake akuseka n'kumaitana dzina la munthu wina kuti asamusiye. Mipeni yonse ya madokotala sinamupweteke ngati tsiku limenelo. Sanauze munthu aliyense. Ngakhale kutenthe bwanji, ankavala buluku lalitali.

Munthu amene wakulira m'bwalo sadziwa kwina kopita. Wilfred anayamba kuphunzitsa timu ya achinyamata. Kenako anakhala wothandizira manijala. Kenako anayendayenda m'matimu ang'onoang'ono a m'matauni amvula, kumene oonerera ankatha kuwadziwa mayina onse. Anaphunzira ntchito pang'onopang'ono, mogwa ndi modzuka. Tsitsi litayamba kuyera, timu yakwawo inamuitana kuti akakhale manijala. Tsiku limene anabwerera, bwalo lonse linaimirira n'kuimba nyimbo ija. Tsopano wopachika majezi anali iyeyo.

Anali manijala wabwino, tisamunamizire. Ankafika woyamba, n'kuchoka womaliza. Sankakondera. Mwana wa wosewera akadwala, iye ankakaonekera kuchipatala. Koma anali ndi nthenda imodzi, ndipo nthenda imeneyi ambiri a inu mukuidziwa, chifukwa imagwira aliyense amene anavutikapo n'kupulumuka. Ndi nthenda ya "m'masiku athu".

Wosewera akabwera kudzadandaula kuti msana ukupweteka kapena mnofu wakokeka, Wilfred sankamukalipira. Ankamukhazika pansi mwaulemu, n'kumusimbira nkhani ya chikho chija. Kutupa kwa bondo, jakisoni, mpira wobwezedwa ndi mutu. Anyamatawo anafika poiloweza, moti akatembenuka ena ankamutsanzira ndi milomo. Koma ngakhale ankaseka, nkhaniyo inkawalowa. Munthu ungadandaule bwanji za mnofu pamaso pa amene anasewera ndi mwendo umodzi? Anayamba kubisa zilonda. Anayamba kumunamiza dokotala. Wilfred akaona zimenezi ankanyadira, n'kumati anyamata ake ali ndi mtima.

Ndipo nkhaniyo nthawi zonse ankaithera pamalo amodzi, pamene ananyamula chikho m'mwamba. Za loko wa pachipata sankazitchula.

Kunabwera chaka choipa. Timu inagonja kwawo, inagonja koyenda, mpaka inapezeka kumunsi kwa ligi. Anatsala masewero amodzi. Akapambana, atsala mu ligi yaikulu. Akalephera kupambana, atsikira ku ligi ya pansi, kumene matimu ambiri amapita osabwerako. Migodi inali itatsekedwa kalekale, ndipo chimene chinatsala choti anthu a m'tauniyo azidzitama nacho chinali timu yomweyi. Mwini timu, munthu wamalonda woyankhula mofatsa, anamuuza Wilfred kuti amamulemekeza kwambiri, koma timu ikatsika, naye ntchito yatha. Wilfred anadziwa kuti pa msinkhu wakewo palibe timu ina imene ingadzamufune.

Panali wosewera mmodzi amene akanatha kuwapulumutsa. Dzina lake anali Dominic, womwetsa zigoli, mbadwa ya m'tauni momwemo. Bambo ake ankamunyamula paphewa kupita naye kubwalo ali mwana, ndipo nyimbo ya Wilfred anaiyamwira. Zigoli zochepa zimene timuyo inapeza chaka chimenecho, zambiri zinali zake. Koma pa masewero apitawo anamuponda bondo, ndipo linali lakumanja.

Dokotala anamuuza Wilfred mosabisa. Ndi jakisoni, Dominic akhoza kusewera. Bondolo mwina lipirira, mwina ayi, ndipo palibe angalonjeze. Likapanda kupirira, mpira wathera pomwepo. Koma akapuma miyezi ingapo, lichira ndithu. Anamaliza ndi mawu akuti wosankha timu si dokotala. Mwini timu anaimba foni kukumbutsa kuti mnyamatayo akufuna yekha kusewera. Manyuzipepala anali atayamba kale kumutcha Wilfred watsopano.

M'mawa wa tsiku la masewerowo, pa tebulo, Maureen anathira tiyi, n'kukankhira kampando pansi pa mwendo wa mwamuna wake, monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezo.

Wilfred anafika kubwalo kulibe munthu. Analowa m'chipinda chovalira ndi mtolo wa majezi, nayamba kupachika. Atafika pa msomali wa Dominic anaima nthawi yaitali. Anaganiza za tauni. Anaganiza za ntchito yake, ndipo tisamuweruze, chifukwa nafenso tikanaiganizira. Anadziuza kuti Dominic si mwana, ndi munthu wamkulu wodziwa chimene akufuna. Kwathu kuno tikanati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Mwambi umenewu ndi wabwino, koma akuluakulu ambiri amabisalamo. Anapachika jeziyo, natuluka.

Kuchokera m'chipindamo kupita ku ofesi yake panali kanjira kakatali ka m'kati mwa nyumba, ka simenti. Akuyenda anamva mapazi ake akumveka kawiri. Gu, khwee. Gu, khwee. Anayesa kuti ndi makoma akubweza phokoso. Anaima kuti apumitse mwendo. Mapaziwo sanaime.

Anacheuka. Anali Dominic, atalawirira kudzaona msomali wake anzake asanafike. Ankabwera akumwetulira, phewa lina litatsika, dzanja likugwira khoma mobisa, phazi lakumanja likukhwekhwereza. Wilfred anali asanadzionepo akuyenda. Tsiku limenelo anadziona.

"Ndaiona jezi, bwana," anatero Dominic. "Zikomo. Sindikuchititsani manyazi."

Wilfred anamuuza kuti abwerere naye m'chipinda chovalira. Anayenda awiriwo, mapazi awo akuyankhana. Atalowa anatseka chitseko, anakhala pa benchi, napinda buluku lake mpaka pantchafu. Kupatula Maureen ndi madokotala, panalibe munthu amene anali ataliona bondo limenelo. Silinkaoneka ngati bondo. Linali lopotoka, lodzaza zipsera, ndipo mwendo wa m'munsi mwake unali wowonda ngati wa mwana.

Kenako anamusimbira nkhani ija, koma ulendo uno anayambira pamene ankaithera. Anamuuza za kampando ka pansi pa tebulo. Anamuuza kuti masitepe a nyumba yake amakwera chokhala, munthu akapanda kumuona. Anamuuza za Hazel ndi njinga, ndi loko amene sanawonongeke. Ankayankhula movutika, chifukwa mawuwo anali asanatulukepo pakamwa pake.

Dominic anamvetsera maso ali pansi. Nkhaniyo itatha anati, "Koma inu muli ndi nyimbo, bwana."

"Nyimbo imathera pachipata cha bwalo," anatero Wilfred. "Bondo ndimapita nalo kunyumba."

"Mwendowu ndi wanga. Ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Mwendo ndi wako, mwana wanga. Msomali ndi wanga."

Wilfred anadzuka, anapita kukhoma, nachotsa jezi ija. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'khwapa.

Musaganize kuti Dominic anathokoza. Analira ndi ukali. Ananena kuti bambo ake akhala ali m'bwalo tsiku limenelo. Ananena kuti Wilfred ndi wansanje, akufuna kuti m'tauni yonse munthu wa nyimbo akhale iye yekha. Mawu amenewa anamulasa Wilfred. Anzake a Dominic atafika anapeza msomali wake uli wokha, ndipo monga mwa mwambo, panalibe amene anatsutsana nawo.

Masewero anatha opanda chigoli mbali zonse. Kawiri konse mpira unagwera pamalo pamene Dominic ankakonda kuima, ndipo amene anaima m'malo mwake anauponya kumwamba. Timu inatsika. Mbiri inali itamveka kale kuti Dominic anafuna kusewera koma manijala anamukaniza. Pakamwa pomwe pankaimba nyimbo paja panatuluka matemberero. Wilfred anaima pamzere wa m'mphepete mwa bwalo mpaka woyimbira ataliza wezulo womaliza, ndipo anatuluka pang'onopang'ono, poti kuthamanga sakanatha. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Asanathe masiku, mwini timu anamuchotsa ntchito, mwaulemu wake womwe uja.

Sanaphunzitsenso timu ina. Dominic sanabwere kudzatsanzika. Bondo lake linachira, timu ina yaikulu inamutenga, ndipo anasewera zaka zambiri. Atolankhani akamufunsa za aphunzitsi amene anamuthandiza, ankatchula ena onse. Wilfred ankawerenga zimenezi ndipo zinkamuwawa. Masiku ena ankadzifunsa ngati bondo lija likanapirira, ngati timu ikanapulumuka, ngati iye anataya zonse pachabe. Panalibe womuyankha, ndipo inenso sindingakuyankheni.

Atakalamba, akuyendera ndodo, ankakonda kukhala pa benchi m'paki ya m'tauni dzuwa likatuluka. Tsiku lina masana anamva mwana akukuwa kuti asamusiye. Anakweza maso. Kamtsikana kanali pa njinga, kakugwedezeka uku ndi uku, ndipo pambuyo pake bambo wa imvi zoyamba ankathamanga atagwira chishalo. Anali Dominic ndi mwana wake, atabwera kudzaona abale.

Anadutsa pafupi osamuona. Dominic anasiya chishalo, nathamanga pambali pa njingayo, manja ali okonzeka, akuseka. Wilfred sanayang'ane nkhope yake. Anatseka maso n'kumvetsera mapazi pa msewu wa m'pakimo. Gu, gu, gu, gu. Mapazi onse awiri ankagunda mofanana.

Sanamuitane. Anakhala pomwepo mpaka mwanayo atadziwa kupalasa yekha, ndipo tsiku limenelo anafika kunyumba tiyi atazizira.

Tsono inu amene mwakhala pano, ambiri mwa inu muli ndi misomali imene mumapachikapo majezi a ena. Ena ndinu makolo, ena aphunzitsi, ena akulu a mpingo, ena muli ndi anthu pantchito. Aliyense wa inu ali ndi nkhani yake ya chikho. Munayenda wapansi kupita kusukulu opanda nsapato. Munagwira ntchito mukudwala. Munapirira m'banja muli chete. Nkhanizo n'zoona, ndipo palibe akukulandani. Koma mukamazisimba kwa amene ali m'manja mwanu, musamathere pa chikho. Pindani buluku, aone ndi bondo lomwe. Ndipo likadzafika tsiku loti musankhe pakati pa mpando wanu ndi mwendo wa mwana wa mnzanu, kumbukirani kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto umene unakuwotchani uzimire pa inu. Mwina sadzakuimbirani nyimbo, mwina sadzakuthokozani n'komwe. Chotsani jeziyo.